Piranha ya Mimba Yofiira: Kodi Ndi Yoyenera Kuiweta mu Thanki ya M'nyumba?

Mwa mitundu ya piranha imene imapezeka m'masitolo ogulitsa nsomba zoweta kuno ku Britain, umene ndauweta ndipo ndingaulimbikitse kwa munthu woyamba kumene ndi wa mimba yofiira, umene akatswiri amautcha Pygocentrus nattereri. Kwawo kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje ya Amazon, Paraguay ndi Paraná, koma zambiri zimene zimagulitsidwa m'masitolo zimaswedwa ndi alimi a nsomba, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake ndi wotsika komanso sizivutika kuzolowera moyo wa mu thanki.

Wogula ayenera kudziwiratu kuti nsombayi ndi yamantha kwambiri, mosiyana ndi mbiri ya ukali imene anthu amaipatsa. Mukayatsa getsi mwadzidzidzi kapena mukadutsa mofulumira pafupi ndi galasi, gulu lonse limabalalika, zina n'kumagunda galasi mpaka kutupa pachibwano. Kafukufuku amene Anne Magurran ndi Helder Queiroz anachita ku Brazil, yemwe anafalitsidwa mu 2005, anaonetsa kuti nsombazi zimayenda m'magulu pofuna kudziteteza kwa adani monga mbalame ndi ng'ona za kumeneko. Zimenezi ndaziona ndi maso anga: zikakhala zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mu thanki ya kuwala kochepa yokhala ndi mizu ya mitengo yobisalamo, zimadekha, zimasambira poyera, ndipo kufiira kwa mimba yake pamodzi ndi kunyezimira kwa mamba ake kumaoneka bwino zedi. Zikakhala ziwiri kapena zitatu zokha, yamphamvu imazunza zinzake, kuziluma zipsepse, nthawi zina ngakhale kuzichotsa diso.

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni la ndalama. Kansomba kamene mumagula kali masentimita 5, koyera ndi madontho akuda, kamakula msanga m'chaka choyamba ndipo kamadzafika pafupifupi masentimita 30, n'kukhala ndi moyo zaka zoposa 10. Gulu lotere limafuna thanki ya malita osachepera 500, sefa yamphamvu yokhala kunja kwa thanki, madzi otentha madigiri 24 mpaka 28, ndiponso kusintha gawo lalikulu la madzi mlungu uliwonse, chifukwa zimadya mosasamala ndipo zotsala zimaola msanga. Chotenthetsera madzi chiyenera kutetezedwa, popeza nsomba yodzidzimuka imatha kuchiswa kapena kuluma nthambo yake. Pa chakudya, nsomba yoyera ya m'firiji yosungunulidwa bwino, ma prawns ndi nyongolotsi n'zokwanira. Sindigwirizana ndi ogulitsa amene amalangiza kuzipatsa ma goldfish amoyo, chifukwa amabweretsa matenda komanso ali ndi thiaminase, yemwe amawononga vitamini B1 m'thupi la piranha.

Mitundu ina ndi yokongola koma ndi ya anthu odziwa kale ntchitoyi. Piranha yakuda, Serrasalmus rhombeus, ya maso ofiira, imakhala yokha moyo wake wonse mu thanki, imakula pang'onopang'ono, ndipo imatha kukhala miyezi yambiri ikubisala isanamuzolowere mwini wake. Pygocentrus cariba ya mumtsinje wa Orinoco ku Venezuela, yodziwika ndi banga lakuda kuseri kwa mutu, ndi yolimba mtima koma yaukali kwa zinzake, pamene Pygocentrus piraya ya mumtsinje wa São Francisco ku Brazil ndi imodzi mwa ma piranha aakulu koposa ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Chimene ndikufuna wogula asamale nacho koposa ndi pacu ya mimba yofiira, Piaractus brachypomus, yomwe ikakhala yaing'ono imafanana kwambiri ndi piranha moti m'masitolo ena zimasokonezedwa. Yang'anani pakamwa: piranha ili ndi chibwano cha m'munsi chotuluka kutsogolo ndi mano akuthwa a nsonga, pamene pacu ili ndi kamwa laling'ono ndi mano ophwanyira mtedza ndi zipatso. Pacu imapitirira masentimita 70, ndipo palibe thanki ya m'nyumba wamba imene ingaisunge ikakula.

Amene amaweta mbuna za m'nyanja ya Malawi asayese kuziphatikiza ndi piranha, chifukwa mbuna zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pafupifupi 8, piranha imakonda madzi a pH yotsikirapo, ndipo pamapeto pake mbunazo zidzadyedwa basi. Funsaninso za malamulo a dziko limene mukukhala musanagule: ku Britain kuweta piranha n'kololedwa, koma ku Florida, Texas ndi California m'dziko la America n'koletsedwa poopa kuti ikatayidwa m'mitsinje yofunda ingakhazikike n'kuwononga nsomba za kumeneko. Kwa munthu amene ali ndi malo a thanki yaikulu ndi ndalama zolipirira magetsi a sefa ndi chotenthetsera chaka chonse, mtundu wa mimba yofiira ndi umene ndingamuuze kuti agule, ndipo agule zisanu kapena zisanu ndi imodzi za msinkhu wofanana pa tsiku limodzi.