Mnyamata wotsatsa malonda pa Facebook anandipezera ogula mbande amene sindinkawaganizira

Ndili ndi nazale ya mitengo ya zipatso kuseri kwa nyumba yanga ku Likuni. Ndinaiyamba nditapuma pa ntchito yauphunzitsi, ndipo ndimamezanitsa mango, mapeyala ndi mandimu. Zaka zonsezi ogula ankabwera kudzera mwa anzanga a kutchalitchi komanso chikwangwani cha pageti. Chaka chatha mbande zinachuluka kuposa ogula. Nyengo yodzala mitengo imene boma limatsegula pa 15 Disembala inafika machubu adakali ndandanda pamthunzi, mizu itayamba kuboola pulasitiki. Mwana wa mng'ono wanga ndiye anandilozera kaofesi kena ku Area 3, ka mnyamata amene amathandiza a bizinesi zing'onozing'ono kutsatsa malonda pa Facebook.

Ndi kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo, muli tebulo, laputopu ndi mipando iwiri. Mnyamatayo ndi waulemu. Anaimirira, nandipatsa mpando wake, nati, "Takulandirani mayi, tiuzeni za mitengo yanuyo."

Ine ndinapita yankho lili kale pakamwa. Ndinati ogula anga ndimawadziwa: azibambo a zaka 50 kupita m'mwamba, opuma pa ntchito m'boma, amene anagula mapuloti ku Area 49, ku Airwing kapena ku Chitipi ndipo akufuna mthunzi ndi zipatso za adzukulu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mayi, zaka zawozo tizisiye kaye. Munthu wogula mbande yanu akatenga foni madzulo, amaonera chiyani?"

Funsoli linandikhalitsa chete. Ife tinakula tikumudziwa munthu pomufunsa kwawo. Kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, ndinu a Phiri kapena a Banda, mumapemphera kuti. Boma nalo limatiwerenga chomwecho. Kalembera wa 2018, amene anapeza kuti m'Malawi tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ankafunsa zaka, mtundu, chipembedzo, ndiponso ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi. Ine zaka zambiri ndakhala ndikulemba pakona ya bolodi kuti anyamata angati, atsikana angati. Koma palibe fomu imene inandifunsapo chimene ndimakonda.

Anatembenuza laputopu kuti ndione. Pali mapu, ndipo anaika chizindikiro pa Lilongwe n'kujambula bwalo la makilomita 30. Pa zaka anasiya kuyambira 18 mpaka 65 ndi kupitirira. Pa amuna kapena akazi anasankha onse. Mphamvu zake anaziika pa kabokosi ka zokonda, m'mene analemba m'Chingerezi kuti Gardening, Fruit ndi Agriculture. Anandifotokozera kuti Facebook sichita kumufunsa munthu ngati amakonda mitengo. Imaona masamba amene amatsatira, mavidiyo amene amaonera mpaka kumapeto, ndi malonda amene amadina, n'kumuika m'gulu. Nditafunsa ngati tingasankhe Akatolika okha, poti ambiri ondigula kale ndi a mpingo wathu, anati zimenezo zinatha. Kuyambira Januwale 2022, kampani ya Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inachotsa mwayi wosankha anthu potengera chipembedzo, mtundu, matenda kapena ndale.

Chimene ndinamuyamikira kwambiri n'chakuti anabwera yekha ku Likuni pa kabaza. Sanafune kujambula nkhope yanga kapena geti. Anajambula manja anga ndikusema kamtengo ka peyala ndi mpeni, kukalowetsa mumng'alu wa tsinde, n'kumanga ndi kapulasitiki. Kavidiyoko sikanakwane ndi miniti yomwe. Mawu analemba m'Chichewa chomveka, pansi pake n'kuikapo batani lopita ku WhatsApp yanga. Tinagwirizana masiku khumi.

Woyamba kufika anali namwino wachitsikana amene amachita lendi ku Kawale. Ankafuna ndimu imodzi yoti aidzale mumtsuko wa pulasitiki, kuti tsiku limene eni nyumba adzamusamutse adzanyamule mtengo wake. Ndinamuyang'ana kawiri. Zaka zonsezi ndinkaona ngati munthu wa lendi alibe chochita ndi nazale yanga. Tsiku lotsatira kunabwera mnyamata wa kabaza, wosapitirira zaka 25, amene anagula mapeyala awiri a Hass oti akapatsire mayi ake ku Dedza. Ankadziwa kale kuti Hass ndi peyala laling'ono, la khungu lokhakhala, lomwe limada likapsa, ndipo sanafune kumva za mtundu wina. Kunabweranso bambo wina wachikulire wachisilamu wa ku Mchesi. Anadzera mango a Tommy Atkins, koma tinatha ola lathunthu titakhala pa mabenchi tikukambirana za chiswe, iwo akundiuza mmene amathirira phulusa m'dzenje, ine ndikuwaonetsa mmene ndimaikira manyowa owolerana bwino. Potsanzika anati, "Achemwali, mundisungire mango a Keitt awiri, ndibweranso." Anabweradi.

Panali mayi wachimwenye wa ku Area 9, ndi mtsikana wophunzira ku Bunda amene sanagule kanthu koma anakhala nane masana onse akumezanitsa nawo. Azibambo opuma pa ntchito aja anabwera atatu okha.

Anthu amenewa mutawaika pa benchi limodzi ku depoti, simungaone chowalumikiza. Zaka n'zosiyana, mipingo yosiyana, matumba osiyana, kwawo kosiyana. Koma atalowa munazale ankachita zofanana. Aliyense ankawerama n'kuyang'ana pa mfundo yomezanitsira ngati papola bwino. Aliyense ankafunsa kuti ibereka liti, ndipo ndikati womezanitsa umayamba pakatha zaka zitatu kapena zinayi pomwe wa nthanga umachedwa kwambiri, ankagwedeza mutu ngati anthu omva zomwe akudziwa kale. Ndikanaumirira zaka 50 zanga zija, namwino uja ndi mnyamata wa kabaza sakanaona n'komwe kavidiyo kanga. Pamenepa mnyamata wa ku Area 3 anagwira ntchito imene ndinamulipirira.

Koma pali zimene sanachite bwino, ndipo amene mukufuna kupita kumeneko muzidziwe.

Nkhani ya ndalama sanailongosole pachiyambi. Malipiro ali pawiri, ake a iyeyo ndi opita ku Facebook, ndipo achiwiriwa amalipira m'madola kudzera pa khadi la kubanki. Tonse tikudziwa mmene madola akuvutira, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Iye ankadziwa kuti mtengo ukhoza kusintha, koma sanandiuze. Tsiku lachinayi anandiimbira kuti ndiwonjezere ndalama pa Airtel Money, apo ayi malonda aima. Ndinatumiza poti ogula anali atayamba kubwera, koma mtima unandiwawa. Munthu wopuma pa ntchito amawerengera kwacha iliyonse.

China, tsiku lachisanu ndi chimodzi anakulitsa bwalo lija kufika dziko lonse osandifunsa, ati pofuna kuti anthu ambiri aone. Foni inayamba kulira usiku ndi usana, mauthenga ochokera ku Mzuzu, ku Zomba, ku Karonga. Mbande ya muchubu ndi yolemera ndi dothi, ndipo pabasi imathyoka pa mfundo pomwepo. Anthu abwinobwino, okonda mitengo ngati ine, ndinkawayankha kuti pepani sindingathe, bandulo ikutha. Zokonda za munthu zingafanane ndi zanga, koma mtunda wochokera ku Karonga kufika ku Likuni susintha. Nditamudandaulira anapepesa n'kubweza bwalo m'malo mwake tsiku lomwelo.

Akanandichenjezanso kuti wokonda mitengo sikuti ndi wogula mitengo. Ambiri ankangolemba kuti "zingati?" n'kusowa. Ena alibe malo, ena alibe ndalama mwezi umenewo, ena amangosangalala kuona manja akumezanitsa. Sindiwaimba mlandu. Koma ndikanadziwa, ndikanamuuza alembe mtengo pa kavidiyo pomwepo. Lipoti lake lomaliza linalinso zithunzi za pa laputopu zodzaza mawu monga reach ndi impressions, popanda kumasulira, mpaka ndinachita kukwera minibasi kukamufunsa.

Ulendo umenewo ndi umene anandionetsa chinthu chimene chikundiganizitsabe. Pa malonda alionse a pa Facebook pali timadontho titatu, ndipo ukadina pamabwera mawu akuti "Why am I seeing this ad?" Tinatsatira pa foni yanga mpaka tinaona magulu amene ineyo ndinaikidwamo. Za m'munda zinalipo, nyimbo zinalipo. Panalinso mpira wamiyendo. Ine ndimatsatira Silver Strikers kuyambira pamene malemu amuna anga ankapita nane ku sitediyamu ku Area 47, ndipo ngakhale amayi anzanga a mumphakati sadziwa kuti Loweruka masana ndimakhala ndikumvera mpira pa wailesi. Ndinasangalala kuti pali malo amene sandiona ngati gogo wamasiye basi. Ndinachitanso mantha pang'ono kuti zimene sindinauzepo munthu zinalembedwa penapake chifukwa cha chala changa chomwe. Ndinamuuza mwana wa mng'ono wanga kuti nayenso akaone zake.

Kodi ndingamutumizire munthu? Inde, ngati mumagulitsa zinthu zimene anthu amazikonda ndi mtima, monga nkhunda, akalulu, maluwa kapena makeke. Ngati mumagulitsa shuga, sopo kapena makala, zimene aliyense amagula pafupi ndi kwawo, sungani ndalama zanu. Ndipo mukapita, mulemberane papepala ndalama zonse, masiku ake ndi makilomita a bwalo lija, ndipo asasinthe kanthu asanakuimbireni.

Ine ndibwererako mu Novembala mvula isanagwe, pepala lili m'manja. Namwino wa ku Kawale uja ananditumizira chithunzi sabata yatha, ndimu yake yatulutsa masamba atsopano pakhonde, ndipo anzake awiri a kuntchito akufunanso. Ndafesa nthanga za mandimu zambiri kuposa zaka zonse, ndipo Lachiwiri ndikupita kumsika waukulu kukafunsa mtengo wa zidebe za malita 20.