St Pancras pa nyengo ya Khirisimasi: musathamangire pansi, yambani mwaona denga

Nyenyezi: 4 mwa 5

Kwa zaka zitatu ndinkadutsa pa siteshoni ya St Pancras ku London ngati munthu wosenza mtolo pamsika. Ndinkatsika sitima yochokera ku Leicester, maso ali pansi, n'kulunjika ku sitima zapansi panthaka. Ndinadzaiona bwino mu Disembala 2023, amayi atabwera kuchokera ku Balaka kudzakhala nafe miyezi itatu. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 anamva kwa anzake kuti pasiteshonipo aimikapo mtengo wa Khirisimasi wa mabuku okhaokha, ndipo sanatipatse mpata mpaka tinagula matikiti. Choncho ndemanga iyi ndi ya anthu amene tinapita dala kukaona siteshoniyo, tsiku lathunthu, agogo, mayi ndi mdzukulu.

Kuchoka ku Leicester sitima imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Sitima za East Midlands Railway zimaima pa pulatifomu 1 mpaka 4, kumbuyo kwenikweni, pansi pa denga latsopano lathyathyathya lomwe silikopa maso. Mukangodutsa pa mageti a matikiti, pafupi pomwepo pali masitepe oyenda okha otsikira ku masitolo, ndipo khamu lonse limathira pamenepo. Inu musatsike. Pitirirani patsogolo pamwamba pomwepo, motsata njanji za Eurostar, sitima zopita ku Paris. Ife tinatero chifukwa amayi amaopa masitepe oyenda okhawo, ndipo tikufunafuna chikepe tinangozindikira talowa pansi pa denga lakale. Amayi anaima chiimire, chikwama chili m'khwapa, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi mwanawe, muno ndi m'tchalitchi?"

Funsolo silinali lachabe. Dengali ndi lachitsulo ndi magalasi, lopindika ngati uta, lopakidwa utoto wamtambo, ndipo pakati pake palibe nsanamira ngakhale imodzi. Mulifupi ndi mamita opitirira 70, mulitali pafupifupi 210, kutalika kwake kupita m'mwamba pafupifupi 30. Pamene siteshoni inkatsegulidwa pa 1 Okotobala 1868, panalibe denga lina padziko lonse lotambalala chotero popanda chochirikiza pakati. Analikonza ndi injiniya wa kampani ya Midland Railway, William Henry Barlow. Chomwe chimaligwira kuti lisakanuke simungachione, chifukwa chili pansi pa mapazi anu: zitsulo zopingasa zapansi pa njanji ndi zomwe zimakoka mapazi a utawo mbali zonse ziwiri, monga imachitira nsinga. Mwana ndi amene anatulukira kachitsulo kolembedwa patsinde pa nthiti imodzi ya dengalo, pomwe pali dzina la Butterley Company ya ku Derbyshire, kampani yomwe inapanga zitsulozo, ndi chaka cha 1867. Anakhala chogwada pamenepo kuwerenga chilembo chimodzichimodzi ndi chala, agogo ake atamugwirira jekete kuti lisakhudze pansi.

Pamwamba pomwepo pali chiboliboli cha bambo wina wovala jasi lalitali, dzanja limodzi litagwira chipewa, nkhope ili m'mwamba kuyang'ana denga. Ameneyo ndi mlakatuli John Betjeman. M'zaka za m'ma 1960 akuluakulu a njanji ankafuna kugwetsa siteshoni yonseyi, ndipo iye pamodzi ndi anzake a Victorian Society, bungwe loteteza nyumba zakale, anakana kwamtuwagalu, mpaka mu 1967 boma linaika nyumbayi m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa. Ndinawafotokozera amayi zimenezi. Sanayankhe kanthu, koma anapempha kuti ndiwajambule ataima pambali pake, nawonso akuyang'ana kumwamba. Chiboliboli china, chachikulu cha mamita 9 cha mwamuna ndi mkazi akukumbatirana pansi pa koloko, chosemedwa ndi Paul Day, amayi anangochiponyera diso kamodzi n'kutembenuka. Ine ndimachiona kuti chinakula mopitirira malo ake, koma ndi chizindikiro chabwino ngati mwapangana ndi munthu kuti mukumane, chifukwa palibe angachiphonye.

Tsopano za mtengo, womwe unatitengera kumeneko. Chaka chilichonse siteshoniyi imaimika mtengo wa Khirisimasi wosiyana ndi wa chaka chatha, mogwirizana ndi kampani ina, ndipo nthawi zambiri sukhala mtengo weniweni. Wa 2011 unali wa tinjerwa toseweretsa ana ta Lego pafupifupi 600,000. Umene tinaupeza ife unali wa sitolo ya mabuku ya Hatchards, wotalika mamita 12, wa mashelefu ozungulira okwera mpaka kunsonga, odzaza ndi mabuku opitirira 3,000 opakidwa utoto pamanja. Patsinde pake panali timipata tokhalamo, momwe munthu amakhala pansi n'kumvera gawo la nthano likuwerengedwa kwa mphindi zochepa. Unali wokongola ndithu, makamaka ukauona uli pamwamba potsamira pa galasi, pomwe nsonga yake imabwera pafupi ndi maso. Mwana analowa mu kampata kamodzi atadikira pamzere mphindi pafupifupi 20, ndipo atatuluka anafotokozera agogo ake nthano yonse m'Chichewa chake chopunduka, agogowo akumukonzera mawu.

Koma ndinene chilungamo. Mtengowo sunali pabwalo, unali pakati pa njira ya masitolo, yomwenso ndi njira ya anthu othamangira sitima ya ku Paris ndi masutikesi awo. Loweruka masana zinali zosayendeka. Wina akujambula, wina akukankha ngolo ya mwana, wina akukoka sutikesi yomwe inagunda amayi pabondo osapepesa n'komwe. Kwa munthu wa zaka 70 zinali zotopetsa, ndipo mipando yongokhala osagula kanthu ndi yochepa poyerekeza ndi unyinji wa tsiku limenelo. Apa ndi pamene ndachotsera nyenyezi imodzi. Ndinadzadutsanso Lachiwiri lina cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ndinapeza malo ali phee, timipata tija tili topanda munthu. Amene muli ndi makolo kapena ana aang'ono, sankhani pakati pa sabata.

Njira ya masitoloyo ili ndi mbiri yake, ndipo ndi imene inawasangalatsa amayi kuposa mtengo. Njanji zinakwezedwa m'mwamba chifukwa sitima zimayenera kudutsa pamwamba pa ngalande ya Regent's Canal zisanalowe m'siteshoni. Pansi pake panatsala malo aakulu, ndipo Midland Railway inawasandutsa mosungiramo mowa wochokera ku Burton upon Trent. Nsanamira zachitsulo zomwe mumaziona zitandandalika pakati pa masitolo zinatalikirana motengera kukula kwa migolo ya mowawo, kuti migolo izikwana bwino pakati pake. Amayi, omwe ndi a Mvano, atamva anaseka mpaka kugwira nsanamira imodzi. "Ndiye kuti tchalitchi chonsechi chinakhazikika pa migolo?" Nkhani imeneyi aifotokoza kangapo pafoni kwa anzawo akumudzi.

Chomwe sindidzaiwala ndi piyano. M'njira yomweyo muli mapiyano omwe aliyense amaloledwa kuliza mwaulere, ndipo imodzi inaperekedwa ndi woimba wotchuka Elton John mu 2016. Titakhala chapafupi, mnyamata wina wovala jekete lowala la anthu ogwira ntchito pamsewu anatula chikwama chake, n'kupukuta manja pa buluku, n'kuyamba kuliza nyimbo ya Khirisimasi yomwe timaimbanso kwathu. Zala zake zinali zong'aluka ndi chisanu. Amayi anayamba kung'ung'udza, kenako n'kuimba mawu a Chichewa motsitsa, mutu ukugwedezeka. Mayi wina wachizungu amene anali ndi galu anaima n'kuimba mawu a Chingerezi. Palibe anauza mnzake kanthu. Mnyamatayo atamaliza anatola chikwama chake n'kuthamangira sitima. Madzulo kunabweranso kwaya ya ana asukulu, ovala zipewa zofiira, akutolera ndalama zothandizira odwala m'tizidebe. Makwaya oterewa amabwera kawirikawiri mu Disembala, koma alibe nthawi imodzi yokhazikika tsiku lililonse, choncho yang'anani pa intaneti musananyamuke ngati ndi zomwe mukufuna.

Si Khirisimasi yokha. Kumayambiriro kwa Novembala mumapeza anthu akugulitsa timaluwa tofiira tokumbukira asilikali, tomwe tija timationa pa mabulauzi ndi majekete kwathu pamwambo wa ku chipilala cha ku Zomba. Ndinadutsapo kamodzi pa 11 Novembala nthawi ili 11 koloko, ndipo siteshoni yonse inaima chete kwa mphindi ziwiri. M'nyumba yaphokoso choncho, bata limenelo limalowa m'mafupa.

Za chakudya ndidutse mwachangu. Malo odyera ndi ambiri, koma mitengo yake ndi ya pakati pa London. Pa kafe ina yomwe sinditchula, tiyi atatu ndi tizidutswa ta keke zinatidyera pafupifupi mapaundi 20, ndipo tiyi wa amayi anabwera wofunda chabe. Amayi anafunsa kuti ndi ndalama zingati m'makwacha, ine n'kusintha nkhani. Ulendo wina ndidzanyamula fulasiki ndi mandasi. Pamwamba pali bala yaitali ya shampeni yoyang'anizana ndi sitima, koma ife sitinakhalepo. Zimbudzi ndi zaulere ndipo tinazipeza zaukhondo, ngakhale mzere wa azimayi unali wautali.

Valani zofunda. Denga lija ndi lokongola koma si nyumba yotenthetsedwa, ndipo pamwamba mphepo imalowa ndi sitima. Amayi anavala juzi, jasi, ndi chitenje pamwamba pake, komabe manja anachita dzanzi. Komanso mu Disembala dzuwa la ku London limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ngati mukufuna kuona kunja kwa nyumbayi kukuwala, tulukani nthawi ya nkhomaliro.

Ndipo tulukani ndithu. Ambiri amene timabwera ndi sitima sitiona nkhope ya siteshoniyi, chifukwa timalowera ndi kutulukira pansi. Mukaima tsidya lina la msewu wa Euston Road mumaona chinyumba cha njerwa zofiira, chokhala ndi nsanja ya koloko, mawindo osongoka ndi timizati tosemedwa. Imeneyo ndi hotela yomwe inkatchedwa Midland Grand, yojambulidwa ndi George Gilbert Scott. Inatsegulidwa mu 1873, n'kutsekedwa mu 1935, mwa zina chifukwa mabafa anali ochepa kwambiri moti alendo ankachita kutungiridwa madzi m'zipinda. Inakhala maofesi a njanji kwa zaka zambiri, kenako inangokhala yotseka, mpaka inadzatsegulidwanso ngati hotela mu 2011. Amayi atayang'ana njerwazo anati zawakumbutsa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, komwe anabatizidwira. Kufanana kwake kulipodi, ndipo n'zochititsa chidwi kuti chimenechonso anachimanga ndi munthu wa dzina la Scott, m'busa David Clement Scott, pakati pa 1888 ndi 1891. Tinaima pamenepo mpaka magetsi a nyumbayo anayaka, mabasi ofiira akudutsa patsogolo pathu.

Mwana ankafunitsitsa kuona sitima ya Eurostar pafupi. Kuyambira mu Novembala 2007, siteshoni itakonzedwanso ndi ndalama pafupifupi mapaundi 800 miliyoni, sitimazi zimanyamukira pano kupita ku Paris ndi Brussels, ndipo kuyambira mu 2018 ku Amsterdamnso, kudzera mu ngalande yapansi pa nyanja. Ku Paris ndi maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Kuziona ndi kwaulere, zimaima kuseri kwa galasi pa pulatifomu 5 mpaka 10. Kukwera ndi nkhani ina kwa ife a pasipoti ya Malawi: pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo apolisi a ku France amaona mapasipoti pa St Pancras pomwepo musanalowe m'sitima. Viza ya ku Britain yokha sikuthandizani. Ndanena izi chifukwa amayi anandifunsa ngati tingangokwera kukaona tsidyalo n'kubwerako madzulo, ndipo zinandiwawa kuwauza kuti ayi.

Amene mukuchokera ku bwalo la ndege la Heathrow, sitima yapansi ya Piccadilly imakufikitsani pa King's Cross St Pancras osasintha. Ochokera ku Luton ndi Bedford, sitima ya Thameslink imaima pansi pa siteshoni yomweyi. Samalani kuti King's Cross ndi siteshoni ina, yoyandikana nayo tsidya la msewu, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi popangana pokumanira. Pa 25 Disembala penipeni sitima siziyenda, ndiye musakonze ulendo wa tsiku limenelo. Matikiti gulani masabata angapo nthawi isanakwane, ndipo pobwerera perekani mphindi 15 zoyendera kuchoka kumaso kwa siteshoni kukafika pa pulatifomu ya ku Leicester ngati muli ndi munthu wachikulire. Ife tinaiwerengera mochepa, ndipo tinalowa m'sitima zitseko zili pafupi kutsekedwa, amayi akupuma mwawefuwefu, mwana atagwira buku lomwe agogo ake anamugulira ndi mapaundi omwe anawamangirira pa chitenje kuchokera ku Balaka.