Kashopu ka mabuku otuwa ku Bath

Abale, amene muli ku UK kuno mukadzapita ku Bath musadzangojambulitsa pa Roman Baths basi, kalowekoni mu Persephone Books. Ine ndinalowa pothawa mvula koma ndinatuluka ndi mabuku awiri, ndalama ya lanchi inathera momwemo kkkk.

Kampaniyi anaiyambitsa ndi mayi Nicola Beauman, mabuku oyamba anatuluka mu 1999, ndipo ntchito yawo ndi kusindikizanso mabuku akale amene anthu anawaiwala, ambiri olembedwa ndi azimayi a zaka za m'ma 1900. Kale shopu inali ku London, anasamukira ku Bath mu 2021.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kapangidwe. Kunja pafupifupi onse ndi otuwa, ofanana ngati yunifomu ya sukulu, koma ukangotsegula chikuto mkati muli maluwamaluwa otengedwa pa nsalu ya nthawi yomwe bukulo linalembedwa, ine ndinangokumbuka zitenje za agogo, ndiye amakupatsanso kabukumaki kofanana ndi nsaluyo. Pepala lake ndi labwino, zilembo zosavutitsa maso.

Limodzi ndamaliza kale, linalo achemwali anabwereka mpaka pano zii.