Inokulanti wa soya ndi wogula, koma amafera m'njira

Mukang'amba paketi ya inokulanti wa soya mupeza ufa wakuda, wachinyontho pang'ono, wonga dothi la kudambo losefedwa bwino. Ufawo ndi chonyamulira chabe. Chomwe mwalipira ndi mabakiteriya amoyo otchedwa rhizobia, omwe amapakidwa pambewu kuti athandize soya kupeza nayitrojeni, ndipo inokulanti wopangidwa bwino amakhala nawo pafupifupi 1 biliyoni pa galamu imodzi. Kuno ku Malawi dzina lomwe lazolowereka ndi Nitrofix, wa kampani ya Agro-Input Suppliers Limited. Kale inokulanti ankapangidwa kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndipo ankafika kwa alimi ochepa. Ku Kenya kuli Biofix, ku Nigeria kuli NoduMax wa bungwe lofufuza zaulimi la IITA. Onsewa amagwira ntchito mofanana, choncho zomwe zikunenedwa pano zikukhudza inokulanti aliyense wa ufa.

Ngati mukulima soya, gulani. Pa zonse zolowa m'munda wa soya, palibe china chotchipa chotere chomwe chimabweza ndalama yake msanga. Vuto lake n'lakuti amakhala pa shelefu imodzi ndi feteleza komanso mankhwala a udzu, ndiye wogulitsa ndi wogula omwe amamutenga ngati katundu wouma wosaola. Kawirikawiri mlimi akamati "zimenezi sizigwira ntchito" amakhala kuti anapaka pambewu tizilombo tomwe tinafa kale, kapena anatipha yekha m'mawa wa tsiku lodzala.

Soya ndi wadyera pa nayitrojeni. Kuti abereke tani imodzi amafuna makilogalamu pafupifupi 80 a mchere umenewu, pamene thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi 23 okha. Nayitrojeni ngwambiri mumpweya, magawo 78 pa 100 alionse, koma maatomu ake awiri ndi omangana zolimba moti chomera sichingawalekanitse. Ku fakitale ya feteleza amachita kuwalekanitsa ndi kutentha kopitirira madigiri 400 komanso kupanikiza mpweya kwambiri. Rhizobia amagwira ntchito yomweyo m'dothi lofunda chabe, ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito m'selo) yotchedwa nitrogenase, ali m'kati mwa timibulu tomera ku mizu.

Enzyme imeneyi ndi yofunika kuidziwa, chifukwa pafupifupi chilichonse chomwe chimalakwika m'munda chimachokera pa zofuna zake. Ili ndi mapuloteni awiri, ina ya ayironi, ina ya ayironi ndi mchere wotchedwa molybdenum. Dothi likakhala la asidi wambiri, pH yake (muyezo wa asidi) ikatsika kupitirira 5.5, molybdenum amagwidwa ndi dothi, mizu imavutikanso ndi aluminiyamu, ndipo mutha kupeza timibulu tilipo koma soya ali wachikasu. Kuti iswe molekyu imodzi ya nayitrojeni, nitrogenase imadya mamolekyu 16 a ATP, omwe ndi mafuta oyendetsera ntchito m'selo. ATP sapangika popanda fosiforasi, ndipo mphamvu yake imachokera ku shuga yemwe masamba amatumiza kumizu. N'chifukwa chake soya wa m'dothi losowa fosiforasi, wophimbidwa ndi udzu, kapena wofota ndi ng'amba, amasiya kupanga nayitrojeni ngakhale inokulanti anali wabwino. Chinanso, okisijeni amaiwononga enzyme imeneyi, koma mabakiteriya eniakewo amafunika kupuma. Chomera chimathetsa mkanganowu popanga puloteni yofiira yotchedwa leghaemoglobin, m'bale wake wa chomwe chimafiiritsa magazi athu, yomwe imagwira okisijeni n'kumaupereka pang'onopang'ono. Kufiira kumeneku n'kumene mlimi angakuone ndi maso, ndipo tibwerako.

Palinso nkhani ya kuzindikirana. Mizu ya soya imatulutsa m'dothi timankhwala totchedwa genistein ndi daidzein. Mabakiteriya a mtundu wa Bradyrhizobium akatimva amayankha ndi chizindikiro chawo, kaubweya ka muzu kamapinda, iwo n'kulowa. Mitundu ina yambiri ya rhizobia siimva kuitana kumeneku. Soya kwawo ndi ku China, choncho dothi lathu nthawi zambiri silikhala ndi anzake okwanira, kusiyana ndi khobwe, nandolo ndi mtedza zomwe zimapeza rhizobia a m'dothi momwemo mosavuta. Apa ndi pomwe inokulanti amapindulitsa pa soya kuposa mbewu zinazo. Ndi chifukwa chomwecho paketi ya soya siithandiza nyemba, zomwe zimafuna mtundu wina ngati Rhizobium tropici. Werengani dzina la mbewu papaketi musanapereke ndalama.

Nanga zokolola zimakwera bwanji? Otsatsa malonda amakonda kuonetsa chithunzi cha mizere iwiri, wina wobiriwira bii, wina wachikasu. Zoterezi zimachitikadi, makamaka pa munda womwe sunalimidwepo soya. Koma ofufuza a pulojekiti ya N2Africa, yomwe inkatsogoleredwa ndi yunivesite ya Wageningen ndipo inagwiranso ntchito ku Malawi, ataphatikiza mayeso a m'minda ya alimi m'maiko 10 a mu Africa, anapeza mu 2018 kuti pongogawa mofanana inokulanti amawonjezera makilogalamu pafupifupi 115 pa hekitala. Ndi matumba awiri ndi pang'ono. Minda ina inapindula kwambiri kuposa pamenepa, ina sinasinthe n'komwe. Matumba awiri si chozizwitsa, koma mtengo wa timapaketi tokwanira hekitala sufika pa mtengo wa matumba awiriwo, ndiye masamu ake amatuluka bwinobe. Ku Brazil, komwe soya wa mahekitala mamiliyoni ambiri amalimidwa popanda feteleza wa nayitrojeni, amadalira tizilombo tomweti, ndipo Mariangela Hungria wa ku bungwe lofufuza zaulimi la Embrapa analandira mphoto ya World Food Prize mu 2025 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Imfa yoyamba imachitikira m'sitolo. Rhizobia amakhala bwino pamalo ozizira, ndipo kutentha kukafika madigiri 35 mpaka 40 amayamba kutha msanga. Tsono taganizirani kagolosale ka malata opanda siling'i pa Mponela kapena pa Kamwendo m'mwezi wa Novembala, paketi itapachikidwa pa zenera kuti odutsa aziiona. Tsiku lotha ntchito lolembedwa papaketiyo limakhala lisanakwane, koma zam'katimo zapita kale. Ichi ndicho chilema chachikulu cha katunduyu: ufa wamoyo ndi wakufa amaoneka chimodzimodzi, ndipo mlimi amadziwa patatha mwezi, mbewu ili kale m'nthaka. Chomwe mungachite ndi kufunsa kuti katunduyo wafika liti ndipo amasungidwa pati. Kanani paketi yoboola, yofufuma, youma gwa ngati fumbi, ya chaka chatha, kapena yomwe yatsanulidwa m'kajumbo kuti agulitse pang'onopang'ono. Gulani masiku ochepa musanadzale. Ponyamula musaiike pa keriyala ya njinga padzuwa. Ikulungeni m'nsalu pakati pa katundu. Kunyumba ikani mufiriji, osati m'gawo loumitsa madzi, kapena mumtsuko wadothi pakona yozizira, kutali ndi moto, feteleza ndi mankhwala.

Kasakanizidwe kake n'kosavuta, koma kali ndi misampha. Mainokulanti a ufa ambiri amafuna magalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu imodzi ya mbewu. Tsatirani muyezo wa papaketi yanu, ndipo dziwani kuti kupyoza muyezo sikuwononga kanthu pamene kuchepetsa kumawononga. Hekitala imafuna mbewu pafupifupi makilogalamu 80, ekala imodzi 30 ndi pang'ono. Pa makilogalamu 15 alionse, tengani botolo la zakumwa la mamililita 300, thirani madzi oyera ndi masupuni aakulu awiri a shuga, khutchumulani mpaka shuga asungunuke. Shugayo ndi zomatira, kuti ufa usayoyoke mbewu ikamagwedezeka m'chidebe. Madzi akhale a pamjigo, a mvula, kapena owiritsa n'kuzizira. A pampopi onunkha klorini kapena othira WaterGuard ayi, popeza ntchito ya klorini ndi kupha mabakiteriya, ndipo sasankha.

Khalani pamthunzi. Thirani mbewu m'beseni lotsuka bwino lomwe silinagwirepo mankhwala, wazani madzi a shuga aja pang'onopang'ono mukutembenuza ndi manja, mpaka njere iliyonse inyezimire koma pansi pa beseni pasakhale madzi. Apa ambiri amalakwitsa pothira madzi ochuluka. Khungu la soya ndi lopyapyala. Likamwa madzi limachita makwinya, limasupuka, njere n'kugawika pawiri, ndipo yotereyo simera. Kenaka wazani ufa uja, tembenuzani modekha mpaka njere zonse zide mofanana. Yanikani pa saka loyera pamthunzi kwa mphindi 15 mpaka 30, zingosiya kumatana. Dzuwa lisaziwombe ngakhale pang'ono.

Sakanizani mbewu yokhayo yomwe mudzale tsiku limenelo, makamaka m'maola ochepa otsatira. Mabakiteriya ali pakhungu la njere alibe pobisala ndipo amachepa ola lililonse. Ngati aganyu atha kudzala makilogalamu 10 pofika masana, sakanizani 10, osati thumba lonse. Chidebe chonyamulira mbewu kumunda chiphimbidwe ndi nsalu, ndipo wokwirira azitsatira wodzala pafupi, njere zisagone padzuwa m'ngalande. Kadzalidwe kake ndi kaja alangizi amaphunzitsa: mizere yotalikirana masentimita 75, tingalande tiwiri pamwamba pa mzere uliwonse, njere imodziimodzi pa masentimita 5, kuya kwake osapitirira masentimita 3. Dothi likhale lonyowa. Kudzala pouma poyembekezera mvula, monga ena amachitira ndi chimanga, n'kutaya inokulanti.

Mbewu yogula yopakidwa kale mankhwala oteteza ku bowa imafuna kusamala kwina, chifukwa ena mwa mankhwalawa amafooketsa rhizobia. Pa mbewu yotere pakani inokulanti wochulukirapo ndipo dzalani nthawi yomweyo.

Za feteleza pali chisokonezo. Inokulanti amapereka nayitrojeni yekha. Fosiforasi, potaziyamu ndi salufa sapereka. Pa dothi loguga, feteleza wa fosiforasi ngati TSP kapena single super phosphate, kapenanso manyowa owolerana bwino, ndi zomwe zimatsegula njira kuti timibulu tigwire ntchito. Feteleza wokulitsira chimanga wa NPK wochepa atha kuthandiza pomwe winayo sakupezeka, koma urea kapena CAN pa soya wopakidwa inokulanti ndi kuwononga kawiri. Kupanga timibulu kumadya shuga wambiri, choncho chomera chikapeza nayitrojeni waulere m'dothi chimaleka kuitana mabakiteriya, ndipo timibulu tomwe tilipo timachepetsa ntchito. Feteleza aliyense asakhudzane ndi njere: mchere wake umayamwa madzi m'mabakiteriya. Mupangireni kangalande kake pakati pa tingalande ta mbewu tija.

Pakatha masabata 5 kapena 6, pitani m'munda ndi khasu. Musazule ndi manja, timibulu timathothoka n'kutsalira m'dothi. Kumbani zomera zisanu m'malo osiyanasiyana, viikani mizu m'ndowa ya madzi kuti dothi lisungunuke lokha. Timibulu tikuluikulu tounjikana pamwamba pa muzu waukulu, pafupi ndi pomwe panali njere, ndi umboni wakuti inokulanti wanu ndiye wagwira. Tating'ono tomwazikana ku mizu yam'mbali nthawi zambiri ndi ta rhizobia a m'dothi. Dulani kamodzi ndi chikhadabo kapena lezala. Kakakhala kofiirira m'kati ngati nyama yaiwisi, nitrogenase ikugwira ntchito. Koyera ndi kakang'ono msinkhu kapena kaulesi, kobiriwira kapena kakuda ndi kokalamba. Samalani ndi minda yomwe munali fodya kapena tomato: kumeneko mizu imatupa ndi minyongolotsi ya m'dothi yosaoneka ndi maso (nematodi), ndipo zotupazo zimanamiza. Kambulu keniyeni kamachoka mukakakankha ndi chala, chotupa cha minyongolotsi ndi muzu womwewo wofufuma ndipo sichichoka.

Njira yabwino yoyesera paketi yomwe mwagula ndi kusiya mizere isanu yosapaka kanthu. Muyambe kudzala imeneyo musanakhudze inokulanti, ndi manja ndi chidebe choyera, ndipo ikhale kumtunda kwa munda kuti madzi a mvula asaibweretsere mabakiteriya.

Ena amati mbewu ya Tikolore, yomwe inachokera ku IITA, siifuna inokulanti chifukwa imagwirizana ndi rhizobia a m'dothi lathu. N'zoona kuti imapanga timibulu payokha kuposa mitundu ngati Makwacha, Nasoko ndi Serenade, koma rhizobia a m'dothi amasiyana mphamvu munda ndi munda, ndipo ena amangodya shuga osabweza kanthu kokwanira. Pa mtengo wake, kupaka n'kwanzeru ngakhale pa Tikolore. Chimodzimodzi pa munda womwe munali soya chaka chatha: mabakiteriya ena amatsalamo, koma kutentha ndi kuuma kwa Okutobala kumawachepetsa, ndipo ku Brazil komweko, komwe dothi ladzaza nawo, amapakabe chaka chilichonse.

Lonjezo lomwe likufunika kulichepetsa ndi lakuti chimanga chotsatira soya sichifunanso feteleza. Nayitrojeni wambiri amene soya wapanga amapita m'njere, amakwera galimoto kupita kumsika. Chotsala chili m'masamba oyoyoka, mizu ndi mapesi. Mukazula soya ndi mizu yomwe, n'kukamenyera pabwalo kunyumba, zinyalala n'kuzitentha, munda watsala ndi zochepa kwambiri. Dulani ndi chikwakwa mizu itsale, mapesi abwerere kumunda kapena alowe m'dzenje la manyowa. Chimanga chidzaoneka bwino ndithu, mutha kuchepetsako feteleza, koma osamusiyiratu.

Paketi mukaitsegula, chinyontho chimayamba kuthawa ndipo nkhungu zimalowa, choncho yotsala siyosungira sabata yamawa, chaka chamawa ndiye ayi. Ngati mbewu yanu ndi yochepa kuposa muyezo wa paketi, thirani yonse pambewu yomweyo, kapena panganani ndi mnansi amene akudzala m'mawa womwewo musakanizire pamodzi pansi pa mtengo umodzi.