Famase yomwe inayamba yandifunsa ndisanagule

Ndakhala ndikumwa atenolol wa 50 mg m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu chifukwa cha BP. Sabata yatha bondo linandivuta, ndiye ndinalowa mu famase ina kukagula ibuprofen. Mayi wa pakauntala sanathamangire kulandira ndalama. "Bambo, pali mankhwala ena amene mukumwa?" Nditatchula atenolol, anabweza ibuprofen uja pashelefu n'kundipatsa paracetamol. Akuti ibuprofen ndi diclofenac, ukamamwa masiku ambiri, zimafooketsa mankhwala a BP.

Sanalekere pomwepo. Anandichenjeza za mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, amene amakweza BP, komanso mankhwala ena a mtima ndi BP otchedwa verapamil ndi diltiazem, omwe akakumana ndi atenolol mtima umatha kugunda pang'onopang'ono moopsa. Anafunsanso ngati ndili ndi shuga, poti atenolol amabisa kuthamanga kwa mtima kumene kumachenjeza munthu wobaya insulin kuti shuga watsika. Thukuta ndilo limatsala ngati chizindikiro. Zaka zitatu zonsezi ine osadziwa!

Chondidandaulitsa n'chakuti zonsezi ankandiuza anthu a pamzere akumvetsera matenda anga. Kachipinda kapambali kakanathandiza. Komabe ndidzapitakonso mapiritsi akandithera.