Mkhalapakati wa ndalama za msewu: ndikumupatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndikulembera inu amene khoma lanu alilemba kale X wofiira ndipo pakhomo mwayamba kuyang'anizana ndi diso la nkhwezule. Ife tilipo anayi. Msewu waukulu unadya munda ndi nyumba ziwiri pa malo amene anasiya malemu makolo athu, ndipo chipukuta misozi chonse chinatuluka m'dzina la achimwene aakulu, poti ndi iwo anapezeka pakhomo tsiku la kalembera. Miyezi itatu moni anasowa.

Loya wina ndi amene anatilozera ku ofesi ya amkhalapakati, akuti kukhoti tikathera zaka ndi ndalama zomwezo tikulimbiranazi. Anatipatsa mayi wina wofatsa, wa magalasi a chingwe. Tsiku loyamba anatulutsa alamu onse panja. Alamu anga ananyinyirika, koma ine mumtima ndinaomba m'manja.

Mayiwa sanafunse kuti woyenera zambiri ndani. Anaitanitsa pepala limene owerengera katundu anasiya. Manyazi ake, tonse anayi tinali titangoloweza nambala ya pansi penipeni, zapamwambazo osawerenga. Iwo anatenga rula n'kuphimba nambala ija, ndiye tinayamba mzere ndi mzere: malo, nyumba ya njerwa, nyumba yaing'ono, mitengo ya zipatso 23, mbewu za m'munda, chitsime, ndalama yosamukira. Pa mzere uliwonse funso linali limodzi: anamanga ndani, anadzala ndani, akusamuka ndani? Malo anatsala a tonse, magawo anayi ofanana. Nyumba ya njerwa ndi ndalama yosamukira zinapita kwa achimwene, chifukwa anamanga okha ndipo amagonamo. Mbewu zinapita kwa achemwali amene analima chaka chimenecho. Ine amene ndinalowa ndikukalipa kuti tigawe chilichonse panayi ndinangoti zii.

Panavuta pa khitchini. Achimwene anaimanga zikhomo zitakhomedwa kale, ndiye sinalembedwe, koma ankafuna tiwabwezere kuchokera pa ndalama ya malo. Apa ndi pamene ndinaona kuti mayiwa ntchito amaidziwa. Msewu wathu ndi wa ngongole ya World Bank, ndipo anatifotokozera lamulo la bankiyo lotchedwa ESS5, limene likugwira ntchito kuyambira 2018. Pamakhala tsiku lotsekera kalembera, ndipo chomangidwa pambuyo pake sachilipira. Nyumba amaiwerengera ndalama yomangira ina, osachotsera kuti inakalamba. Ngakhale munthu wopanda ufulu uliwonse wovomerezeka pa malowo amalipidwa pa zimene anamanga, koma osati pa dothi. Kenako anawaonetsa deti papepala paja.

"Bambo, khitchiniyi mukufuna alipire ndi abale anuwa, pamene eni msewu sanailipire?"

Achimwene anavula chipewa, kuchiyang'ana, n'kuchivalanso. Nkhani ya khitchini inafera pomwepo.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera pa zifukwa ziwiri. Amalipiritsa pa kukumana kulikonse, ndipo ulendo wina anatichedwetsa maola awiri osapepesa n'komwe. Chachikulu n'chakuti anadikira mpaka kukumana kwachinayi kuti atiuze kuti, poti malowo akadali m'dzina la malemu, pakufunika kalata ya khoti yoyendetsera chuma chamasiye. Akanatiuza tsiku loyamba bwenzi titaithamangira kale. Komanso dziwani kuti mkhalapakati si woweruza. Mmodzi akakana kusaina, palibe chomwe angamuchite, ndipo ndalama zanu zolipira zija zapita.

Chimene ndinakonda pomaliza n'chakuti anaumirira kuti aliyense alandirire mu akaunti yake, tsiku limodzi, banki itapatsidwa pangano losainidwa ndi tonse. Za "ndikupatsa mawa, mng'ono wanga" panalibe.

Mukamapita, tengani pepala la owerengera katundu lonse, osati tsamba lomaliza lokha, ziphaso za aliyense, kalata ya imfa ya mwini malo, ndi malisiti a simenti ndi malata ngati munasunga. Malisiti a achimwene, akale mpaka inki kufufutika, ndi amene anawapulumutsira nyumba.

Chitsime chokha ndi chimene chinawakanika mayiwa. Achemwali akuti anagula mapaipi, achimwene akuti anakumba. Ndalama yake ikadali ku banki, ndipo pamene panali chitsimepo pano padutsa phula.