Otithandiza kusonkhanitsa umboni wa zaluso zathu adagwira ntchito yotamandika

Gulu lathu la osema ziboliboli ndi ojambula zithunzi muno mu Mzuzu lidalemba ganyu achinyamata awiri amene ali ndi kaofesi pafupi ndi msika waukulu, kuti atithandize kulowetsa ntchito zathu mu Wikipedia, buku lalikulu la pa intaneti lofotokoza zinthu zosiyanasiyana limene anthu amalemba mothandizana. Ine monga mlembi wa gululi ndidayenda nawo kuyambira pachiyambi.

Chimene ndidawalemekezera ndi chakuti tsiku loyamba lomwelo adakana kutilonjeza tsamba la gulu lathu mu Wikipedia. Adatifotokozera kuti kumeneko gulu sililembedwa chifukwa choti ntchito zake ndi zokongola, koma chifukwa choti anthu ena osakhudzana nalo adalemba za ilo mwatsatanetsatane m'nyuzipepala kapena m'mabuku odalirika. Motero zimene tidaika tokha pa Facebook, zikalata zoitanira anthu ku zionetsero zathu, ngakhalenso makalata oyamikira ochokera kwa ogula, zonsezo adaziika pambali popeza kumeneko ndi kudzichitira umboni tokha.

Adatha masiku angapo ku laibulale akufufuza m'nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times, ndipo pa nkhani iliyonse ankalemba tsiku, tsamba ndi dzina la mtolankhani. Adasiyanitsanso nkhani zofotokozadi luso lathu ndi zija zongotchula dzina la gulu modutsa. Pa mndandanda wa ntchito zathu adalola chiboliboli kapena chithunzi chokhacho chimene chidatchulidwa m'zolembedwa zoterozo, kotero kuti zambiri zimene timazikonda zidatsala. Akuluakulu ena a gulu zidawawawa, ndipo ine ndimawamvetsa, koma ndikuona kuti achinyamatawo sadalakwitse, chifukwa owerenga wa kutali alibe njira ina yotsimikizira kuti ntchitoyo ilipodi ndiponso kuti adaipanga ndani.

Adaulula poyera kuti tikuwalipira, monga malamulo a Wikipedia akhala akufunira kuyambira mu 2014. Adachenjezanso mmisiri aliyense kuti chithunzi chikaikidwa pa Wikimedia Commons, malo a pa intaneti osungira zithunzi zogwiritsidwa ntchito mu Wikipedia, wina aliyense ali ndi ufulu wochigwiritsa ntchito ngakhale pa malonda, ndipo adasiya mwini ntchito kuti asankhe yekha.

Chimene chidandidandaulitsa ndi chakuti maso awo adali pa Chingerezi chokha, chonsecho Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka zilipo, ndipo abale athu ambiri akadawerenga kumeneko. Gulu lina likafuna kuwapeza, likambirane nawo za zilankhulozi ntchito isanayambe, ndipo lipite ndi nyuzipepala zonse zimene lidasunga.